Kamtsinje ka m'phiri ndi mtsinje waukulu, mwini madzi ndani kwenikweni?

Nangozo_T:
Moni nonse pagulu pano. Pali funso landizunguza mutu kuyambira dzulo. Mwana wanga wabwera ndi homuweki ya jogalafe yokhudza timitsinje ta m'mapiri a m'maiko otentha, tija timatsika m'phiri nkukathira mu mtsinje wina waukulu, nde funso likuti fotokozani chifukwa chimene mtsinje wotere umadzadza msanga komanso kuphwa msanga. Ine ndangomuuza kuti nchifukwa cha mtsetse basi, iye akuti aphunzitsi ake safuna yankho la mzere umodzi kkkk. Odziwa thandizeni chonde, ine zimenezi ndinazisiya kalekale mkalasi.

Jimmy_Kkk:
Mayi yankho ndi lomwelo, madzi sakwera phiri amatsika, mwana alembe chomwecho akhoza basi kkkk

ChokoNdiBolodi:
Mayi Nangozo simunalakwitse ayi, mtsetse ulipo ndithu, koma tiyambire kumwamba kumene madziwo amachokera. Phiri lalitali m'dera lotentha limachita kudzikololera lokha mvula. Mphepo yachinyezi yochokera kunyanja yamchere ikafika paphiri ilibe kolowera koma kukwera, ndipo ikamakwera imazizira, pa mamita 1,000 alionse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka, nde chinyezi chija chimasanduka mitambo, mvula nkugwa mbali imene mphepoyo yafikira. Mbali inayo imalandira mphepo yofinyidwa kale. Taonani phiri la Kenya, la mamita 5,199, kum'mwera chakum'mawa kuli nkhalango yowirira ndi timitsinje tambirimbiri tothira mu mtsinje wa Tana, pomwe cha ku Nanyuki kuseri kwake nkouma, chonsecho phiri ndi limodzi lomwelo.

Ndiye mvula yakenso si yowaza, imabwera ndi mabingu makamaka masana dzuwa likaotcha, nkukhuthuka yambiri mu ola limodzi kapena awiri. Apa mpamene mtsetse wanu uja ukulowa. Dera lonse limene limatsanulira madzi mu kamtsinjeka ndi laling'ono, dontho logwa pamsonga siliyenda ulendo wautali, nde madzi onse amakumana pamalo amodzi nthawi imodzi. Mtsinje waukulu wa kuchigwa umalandira a uku lero a uko mkuja, komanso uli ndi madambo m'mbali kumene madzi amakagona kaye. Ka m'phiri kalibe pogoneka madzi, uku thanthwe uku thanthwe. Kuphwa msanganso nchifukwa chomwecho, chimene chabwera mothamanga chimapitanso mothamanga, otsala ndi okhawo analowa pansi amene amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe.

Nangozo_T:
Eee aphunzitsi mwandiphula pamoto, ndakopera zonse. Koma poti mwayamba musasiye, ndikufuna nanenso ndimve

Mtsutso_Weniweni:
Madala ndikuvomera zambiri koma pali chimodzi simunatchule, mapiri ataliatali ngati Kilimanjaro ali ndi ayezi pamwamba nde mesa mitsinje yake imadalira ayeziyo akamasungunuka? ndinaona vidiyo ina ikuti ayezi akatha mitsinje yonse iuma

ChokoNdiBolodi:
Mwana wanga mavidiyowa uziwasefa. Nzoona kuti ayezi wa pa Kilimanjaro akutha, kuchokera mu 1912 wachepa ndi zoposa 80 pa 100 alionse, koma ayeziyo ndi wochepa zedi poyerekeza ndi madzi amene amatsika kukathira mu mtsinje wa Pangani. Chodabwitsa nchakuti mvula yambiri sigwa pamsonga, imagwa m'chiuno mwa phiri cha m'ma mamita 2,000 mmene muli nkhalango. Ukapitirira pamenepo mpweya umakhala utataya kale chinyezi chake ndipo kumwamba kwenikweni, kufupi ndi mamita 5,895, nkouma ngati chipululu. Nde nkhokwe ya madzi ndi nkhalango ya pakatiyo. Ku Andes ku Peru nkhani ndi ina pang'ono, kumeneko kuli ayezi wambiri ndipo m'chilimwe mitsinje ina imamudaliradi.

Wokwera_Mapiri:
Apa ndiikire umboni monga munthu wokonda kugona mtenti mmapiri. Nkhalango ya kumtunda ija ngakhale mvula isagwe imangodontha, chifunga chikamadutsa chimakodwa m'masamba ndi mu ndele zija zimalendewera m'nthambi, nde pansi pamangoti tho tho tho usiku wonse, ukaponda pansi ngati waponda siponji. Tsiku lina tinawoloka kamtsinje mmawa madzi olekeza mu akakolo, oyera mbee mpaka kumaona nsangalabwi pansi, pobwerera cha m'ma 4 koloko dzuwa likuwala bwinobwino pamene tinalipo, osagwa ngakhale dontho, koma tinangomva kulindima ngati lole ikubwera, amene amatitsogolera nkutikuwira kuti bwererani kumtunda msanga. Sipanathe mphindi 5 kamtsinje kaja kanasanduka chinthu china, madzi ofiira, zipika, miyala ikugundana pansi kumveka gu gu gu mpaka nthaka kunjenjemera. Mvula inagwa kumwamba kumene ife sitimakuona. Tinakhala pamenepo mpaka mdima, mmawa mwake madzi anali abwerera mu akakolo ngati palibe chinachitika

Jimmy_Kkk:
Amwene ine ndikanathawa osayang'ananso kumbuyo, tenti ikanatsala konko

Wokwera_Mapiri:
Kuthawa kwake nkofunika kudziwa aise, ukathawira kumunsi motsata mtsinje wathera pompo, umakwera m'mbali basi

Mtsutso_Weniweni:
Nde zikuonetseratu kuti mtsinje wa mphiri ndi umene umathamanga kwambiri kuposa wa kuchigwa, apa palibe angatsutse

Tabaini77:
Achimwene nditsutsa ndine kkkk. Ntchito yanga ndi ya madamu ndi magetsi, kuyeza liwiro la madzi ndi chakudya changa cha tsiku ndi tsiku. Pa nthawi ya chigumula ngati imene akunena anzathuwa eya kamathamangadi moopsa. Koma masiku wamba maso amatinamiza. Madzi a m'phiri amachita thovu, phokoso, kudumphadumpha, koma mphamvu yambiri imathera pomenyana ndi miyala, amagwa pa mathithi kenako nkuzungulirazungulira padziwe, kenako kugwanso. Mtsinje waukulu ndi wakuya, pansi pake ndi mchenga ndi matope osalala, nde madzi ochepa okha ndi amene amakhudza pansi ndi m'mbali, ena onse amangoyenda phee. Katswiri wina wa ku America, Luna Leopold, anayeza mitsinje yambiri nkulemba mu 1953 kuti ukamatsika ndi mtsinje liwiro silichepa monga anthu amaganizira, limakhala chimodzimodzi kapena kukwera pang'ono kumene. Ponyani kamtengo mu kamtsinje ka m'phiri muwerenge nthawi pa mamita 100, mukachitenso pa mtsinje waukulu, mudzabwera kudzandiuza.

Mtsutso_Weniweni:
Aaa bwana injiniya izi nde zikundivuta kumeza, nanga bwanji ka mphiri kamagubuduza chimwala chachikulu ngati galimoto pomwe wa kuchigwa umangonyamula matope?

Tabaini77:
Funso labwino. Miyala ikuluikuluyo siyenda tsiku lililonse, imakhala zaka ili pompo mpaka kumera ndele, imasuntha tsiku limodzi lokha la chigumula. Pali lamulo lakalekale la mu sayansi ya madzi loti liwiro likawonjezeka kawiri, kulemera kwa mwala umene madzi angakankhe sikuwonjezeka kawiri ayi koma ka 64. Ndiye onjezerani kuti madziwo akasakanikirana ndi dothi amakhala phala lolemera ngati konkire yaiwisi, mwala mu phala lotero umapepuka, umachita ngati ukuyandama. Uyu ndiye napolo amene timanena uja. Ntchito yonse yosema chigwa imagwiridwa masiku owerengeka pa chaka, masiku enawo kamtsinje kamangoimba nyimbo basi.

Nangozo_T:
Nanga kufiira kwa madziko kumachokera kuti, mwana akufunsanso zimenezo

ChokoNdiBolodi:
Nkatondo ameneyo mayi. M'madera otentha ndi onyowa thanthwe limachita kuwola, madzi ofunda amalowa m'ming'alu nkumalidya kwa zaka zikwizikwi mpaka mwala wolimba kusanduka dothi lofewa lakuya mamita makumi angapo malo ena. Mchere wambiri umatsukika nkupita, chotsala ndi dongo ndi chitsulo chochita dzimbiri, nde kufiira mukuonako ndi dzimbiri lenileni. Dothi lakuya choncho litakhala pa mtsetse, likakhuta madzi a mvumbi wa masiku atatu anayi, limalemera nkusiyana ndi thanthwe la pansi, phiri nkung'ambika. Nthawi zina dothi logumukalo limatseka kamtsinje nkupanga damu la lokha, madzi nkumaunjikana kuseri, nde anthu a kumunsi amadabwa kuti mvula ikugwa koma mtsinje waphwa. Mukadzaona zimenezo musakatole nsomba, thawani, chifukwa damulo likaphulika limabwera lonse kamodzi.

Namwino_C:
Mmm izi nde zoopsa. Zinachitikapo penapake zoti tingawerenge kapena ndi za m'mabuku chabe?

ChokoNdiBolodi:
Zambiri achemwali, ndingotchulako za ku Colombia poti kumeneko mapiri ndi mvula nzosasowa. Pa 13 November 1985 phiri la moto la Nevado del Ruiz linaphulika usiku, kuphulika kwake sikunali kwakukulu kwenikweni koma kunasungunula ayezi wa pamwamba, madzi nkutsika m'timitsinje akutola dothi ndi miyala m'njira. Umodzi mwa mitsinjeyo ndi Lagunilla, umene umakathira mu Magdalena. Tawuni ya Armero inali pa mtunda wa makilomita oposa 70 kuchokera paphiripo, anthu ankaona ngati ali kutali, koma patangotha maola awiri ndi theka matope anafika nkukwirira tawuni, anthu oposa 20,000 anafera momwemo. Ndiye mu 2017, usiku wa pa 31 March kucha kwa pa 1 April, tawuni ya Mocoa inaona zomwezo popanda phiri la moto, mvula yokha, mitsinje ya Mocoa, Mulato ndi Sangoyaco nkubweretsa miyala m'nyumba za anthu ali mtulo, oposa 300 anamwalira.

Chimene ndikufuna muone ndi malo amene matawuni amenewa anamangidwa. Kamtsinje kakatuluka m'phompho nkufika pa chidikha, mtsetse umatha mwadzidzidzi, nde kamatula katundu yense pomwepo, miyala ikuluikulu poyamba, kenako nsangalabwi, mchenga kutsogolo, nkupanga malo otambasuka ngati lichero. Malo amenewa ndi okongola, nthaka yachonde, madzi pafupi, sipachita chithaphwi, aliyense amafuna kumanga pamenepo. Koma amene anawaumba malowo ndi napolo wa makedzana, ndipo mtsinje pamalo otere sukhala ndi njira imodzi, ukatseka njira yake ndi miyala umangodumphira kwina. Ku Uganda mtsinje wa Nyamwamba wotsika m'mapiri a Rwenzori wakhala ukuchita zomwezi ku Kasese, mu May 2013 komanso May 2020, ulendo wachiwiriwu unagumula mpaka chipatala cha ku Kilembe.

Jimmy_Kkk:
Nde ukapeza chimwala chachikulu pa puloti yako usamanyadire kuti wapeza pokhala, uzifunsa kuti chinabwera bwanji

ChokoNdiBolodi:
Jimmy lero wayankhula zanzeru koyamba chilowereni pagulu pano.

Jimmy_Kkk:
kkkkk madala ndasunga sikirinishoti

Mtsutso_Weniweni:
Chabwino koma ine funso langa lenileni ndi ili, ngati timitsinje timeneti tili ndi mphamvu chonchi bwanji tikakumana ndi mtsinje waukulu dzina limapita kwa waukuluwo, ndani amagamula kuti uyu ndi mwini uyu ndi wongothira? zikuoneka ngati bwana kutenga ulemu pa ntchito ya antchito ake

ChokoNdiBolodi:
Apa nde wafika pa mtima pa nkhani. Palibe lamulo limodzi, ena amayang'ana kutalika, ena kuchuluka kwa madzi, ena amangotsata dzina limene anthu anazolowera kalekale. Tenga Nile. Ku Khartoum kumakumana White Nile wochokera ku nyanja ya Victoria ndi Blue Nile wochokera ku nyanja ya Tana m'mapiri a Ethiopia, pa mamita pafupifupi 1,800. White Nile ndi wautali nde ndi amene ambiri amamutenga ngati tsinde, Blue Nile nkumatchedwa wothira. Koma madzi opitirira theka amene amafika ku Egypt pa chaka ndi a Blue Nile, ndipo ukaphatikiza mitsinje ya Atbara ndi Sobat, mapiri a Ethiopia amapereka pafupifupi 85 pa 100 alionse. White Nile amataya madzi ambiri m'dambo lalikulu la Sudd ku South Sudan, dzuwa limamwa. Mvula ikagwa ku Ethiopia kuyambira June mpaka September, Blue Nile amafika ku Khartoum ndi ukali woti White Nile amaima kudikira, madzi ake nkubwerera m'mbuyo. Matope akuda amene ankadyetsa minda ya Aigupto zaka zikwizikwi, mpaka damu la Aswan litatha kumangidwa mu 1970, linali dothi la m'mapiri a Ethiopia. Ndiye Atbara uja ngodabwitsa, m'chilimwe amatsala maiwe okhaokha koma nthawi ya mvula ndi chilombo, ndipo iye ndi womaliza, kuchoka pamenepo mpaka kunyanja ya Mediterranean palibenso mtsinje wina wothira mu Nile.

Tabaini77:
Nchifukwa chake damu lalikulu la Ethiopia lija linautsa mapiri pachigwa, analiyamba mu 2011 pa Blue Nile kufupi ndi malire a Sudan, nyanja yake imasunga makiyubiki mita 74 biliyoni, nde Egypt sakanakhala chete poti akudziwa kuti mpopi weniweni uli kumeneko osati ku Victoria

Wokwera_Mapiri:
Zoimitsa mtsinje waukuluzo Ruo amachitanso, akatsika ku Mulanje atakhuta mvula pofika pa Chiromo amatchinga Shire mpaka madzi kubwerera ku dambo la Elephant Marsh

ChokoNdiBolodi:
Eya ndi khalidwe lomwelo, wothira wa m'phiri amafika msanga ndi mphamvu pomwe wamkulu akubwera mwaulesi. Ku Amazon nkhani yake ndi ya matope. Mapiri a Andes ndi kagawo kakang'ono ka dera lonse la Amazon, osafika ngakhale limodzi mwa magawo 6, koma pafupifupi 90 pa 100 alionse a matope amene mtsinjewu umakataya m'nyanja ya Atlantic amachokera kumeneko. Ku Peru kuli mtsinje wa Urubamba umene umadutsa m'munsi mwa Machu Picchu nkukakumana ndi Tambo nkukhala Ucayali, Ucayali nkukumana ndi Marañón kufupi ndi Nauta ku Peru, dzina la Amazon nkuyambira pamenepo. Mukafufuze zithunzi za ku Manaus ku Brazil, pamene Solimões (ndi Amazon yemweyo, kumeneko amamutcha choncho) wa matope a ku Andes amakumana ndi Rio Negro wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Amayenda limodzi makilomita pafupifupi 6 osasakanikirana, wina uku wina uku mzere pakati, chifukwa wa ku Andes ndi wozizira, wolemera ndi matope komanso wothamanga, pomwe Negro ndi wofunda ndi wodekha. Negro amachokera m'miyala yakalekale yotsukika kale, alibe dothi lonyamula, kuda kwakeko ndi kwa masamba owola.

Nangozo_T:
Ndaziona pa Google pompano, koma ndiye ngati wachita kujambula ndi rula, mwana mpaka wasiya kulemba akungoyang'ana foni yanga

Namwino_C:
Ine ndiwonjezere za mbali yanga ya zaumoyo poti madzi a m'phiri anthu amangoti ndi oyera nde alibe vuto. Ubwino wake ulipo, nkhono zija zimafalitsa likodzo sizikonda madzi othamanga ndi ozizira, zimafuna odekha ofunda okhala ndi udzu, nde likodzo limachuluka kumunsi. Koma madzi a thovuwo ali ndi mwini wake, kantchentche kakuda kakang'ono kamene ana ake amamatirira pa miyala ndi masamba pamene madzi akuthamanga chifukwa mpamene pali okosijeni wambiri, madzi ozizira amasunga okosijeni kuposa ofunda. Kantchentcheka kakaluma munthu kamasiya tinyongolotsi timene timayambitsa kuyabwa koopsa, khungu la thupi kukhakhala, mapeto ake maso kuchita khungu. Mankhwala alipo, ivermectin, amagawidwa kwa anthu onse a m'dera kamodzi kapena kawiri pa chaka kwa zaka zambiri. Komanso kuyera kwa madzi sikutanthauza kuti mulibe tizilombo, ngati kumtunda kuli mudzi kapena ziweto wiritsani basi

Mtsutso_Weniweni:
Nde kudzala mitengo kumtunda kungathetse zonsezi eti, chigumula, matope, kuphwa, tingodzala basi

Tabaini77:
Apa nde tiyende mosamala achimwene chifukwa anthu amangoti mtengo ndi mtengo. Nkhalango yachilengedwe ikadulidwa dothi limauma gwa, ziweto nkupondaponda, madzi osalowanso pansi, nde nthawi ya mvula chigumula chimakula ndi matope omwe, m'chilimwe akasupe nkuuma msanga, izi nzoona ndipo ife a madamu timazionera pa mchenga. Ku Kenya damu la Masinga pa Tana lakhala likudzadza ndi dothi lochokera m'minda ya kumtunda, malo osungira madzi nkumachepa chaka ndi chaka. Koma mtengo nawonso umamwa. Mukatenga malo amene chilengedwe chake ndi udzu kapena dambo la pamwamba pa phiri nkudzalapo bulugamu kapena paini wothithikana, madzi a mu kamtsinje amachepa osati kuchuluka, chifukwa mitengo imeneyi mizu yake ndi yakuya ndipo imamwa chaka chonse. Ku Andes kuli malo a udzu ndi zomera zazifupi pamwamba pa nkhalango, amawatcha páramo, dothi lake lakuda limasunga madzi ngati siponji nkumawatulutsa pang'onopang'ono, ndipo mzinda wa Bogotá madzi ake ambiri amachokera ku páramo ya Chingaza. Malo ngati amenewo chofunika nkungowasiya mmene alili, osalima osatentha osadzala zachilendo. Komanso tisanamizane, mvumbi ukakula mopitirira ngakhale phiri la nkhalango yosakhudzidwa limagumuka, mitengo imachepetsa koma siletseratu.

Mtsutso_Weniweni:
Lero ndagonja kawiri, sizinachitikepo izi

Jimmy_Kkk:
Sintha dzina aise ukhale Mvomero_Weniweni

Nangozo_T:
Kkkk musiyeni mnzanu, mafunso ake ndi amene atiphunzitsa. Bambo injiniya, nanga kamtsinje kakang'ono choncho kangapange magetsi zoona kapena mpaka mtsinje waukulu?

Tabaini77:
Mayi magetsi amafuna zinthu ziwiri, kuchuluka kwa madzi ndi kutalika kwa pamene akugwera, mumachulukitsa ziwirizi. Malita 1,000 pa sekondi akagwa mamita 100 amapereka pafupifupi makilowati 980 tisanachotsere zotayika m'mapaipi ndi m'makina, tinene kuti 800 ogwiritsa ntchito. Kuchigwa kuti mupeze omwewo pa mamita 10 okha mufunika madzi ochuluka ka 10 ndi chidamu chomiza minda ya anthu. M'phiri mumangomanga kakhoma kakang'ono, kupatutsa madzi mu ngalande yoyenda m'mbali mwa phiri, kenako paipi nkutsika nayo mpaka pa makina. Mutu umawawa pawiri, m'chilimwe madzi amachepa mpaka makina ena kuzimitsa, ndiye m'dzinja mchenga, umadya makina ngati sandipepa, nde timamanga thanki yaitali pamene madzi amadekha kaye mchenga nkukhala pansi. Ndinagwirapo pamalo ena pamene chigumula chimodzi chokha chinakwirira polowera madzi ndi miyala mpaka osadziwa kuti panali khoma, tinafukula masabata atatu, ndipo amene anajambula pulani yake anayeza mtsinjewo m'chilimwe mokha, sanafunseko ngakhale nkhalamba imodzi ya m'deralo kuti madzi akakwiya amalekeza pati.

ChokoNdiBolodi:
Ndipo zimene zimatsika ndi madzi si dothi lokha. Ku Papua New Guinea kuli Ok Tedi, wotsika m'mapiri a Star kumene mvula imagwa mamita angapo pa chaka, osati mamilimita ayi mamita, nkukathira mu mtsinje wa Fly. Liwu loti Ok m'chiyankhulo cha kumeneko ndi madzi kapena mtsinje. Mu 1984 kunatsegulidwa mgodi wa golide ndi kopa kumtunda kwake, damu losungira zinyalala za mgodi linagumuka ndi dothi lisanathe nkumangidwa komwe, nde zinyalalazo zinayamba kutayidwa mumtsinje. Pansi pa mtsinje panakwera, madzi nkumasefukira m'nkhalango ya kumunsi mitengo nkuuma dera lalikulu, nsomba kuchepa mpaka mu Fly, kwa anthu okhala makilomita mazanamazana amene mgodiwo sanauonepo ndi maso.

Wokwera_Mapiri:
Chimene chimandisangalatsa ine ndi pamwamba penipeni pa mzere wa phiri, unaima pamenepo ukathira madzi a m'botolo dzanja lamanja apita mtsinje wina lamanzere mtsinje wina, mwina osadzakumananso. Ndipo ukayang'ana bwino khwawa la mbali ya mvula yambiri limakhala likudya phiri chobwerera m'mbuyo, chaka ndi chaka mutu wake ukusunthira kumtunda

ChokoNdiBolodi:
Mpaka tsiku lina limaboola mzerewo nkulanda madzi a mnzake wa kuseri, winayo nkutsala ndi chigwa chachikulu chokhala ndi kamadzi kosayenerana nacho. Pa mapu mumazindikira ndi mtsinje wokhota mwadzidzidzi ngati chigongono popanda chifukwa chooneka. Mayi Nangozo, mwanayo asalembe zonsezi ayi angasokoneze aphunzitsi ake. Atenge za mphepo yokwera phiri, mvula ya mabingu, dera laling'ono, mtsetse, kusowa kwa madambo ndi kudula nkhalango, ajambulenso kachithunzi koonetsa gwero, mathithi, phompho, malo a lichero aja ndi pamene ukuthira mu waukulu.

Nangozo_T:
Zikomo kwambiri nonse, walemba masamba awiri ndi theka ndipo chithunzi wajambula, kungoti mathithi ake akuoneka ngati mchira wa kavalo kkkk. Akuti ndifunsenso kuti Blue Nile ndi wabuluudi?

ChokoNdiBolodi:
Muuzeni kuti ayi, nthawi ya chigumula ndi wakuda bii ndi dothi la ku Ethiopia, ndipo eni ake kumeneko samutchanso Blue Nile, amati Abay.

Jimmy_Kkk:
Nde White Nile nayenso si woyera eti, basi ine jogalafe ndaisiya pompa